Mpata Umene Munasiyira Mayi a Tereza

Atamandike Yesu Khristu.

Ndaima kaye pamenepo kuti muyankhe. Amene mumandidziwa mwadabwa kale, chifukwa Lusiano wakale akanadziyankha yekha n'kupitiriza ndi ulaliki. Moni nonse a m'gulu lathu lino la mabanja achikatolika, akale ndi atsopano omwe, a kuno kumudzi ndi inu amene mukuzizidwa m'maiko a eni. Amene bandulo yanu yatsala pang'ono mundikhululukire, uthengawu ndi wautali. Oyang'anira gulu anandipempha kuti ndilembe umboni wanga mwachidule. Mawu akuti mwachidulewo ndinawaona ndithu, koma mphatso imeneyo Mulungu anaipereka kwa ena.

Nkhani yanga ndi ya matenda a sitiroko amene anagwira akazi anga, mayi a Tereza, n'kuwalanda mawu, ndipo anangotsala pang'ono kutilanda banja.

Kwa inu atsopano, ine ndimagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ntchito yanga ndi kudula timitengo ta tiyi, kutibzala m'timachubu, kuthirira, basi n'kumadikira kuti timere mizu. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma kuwerenga kunandilowa ngati thekenya. Ndimawerenga chilichonse: nyuzi yokulungira usipa, thumba la feteleza, kapepala ka m'bokosi la mankhwala. Kunyumba ndili ndi katoni ya mabuku amene ndinatola bwana wina akusamuka. Muli lina la kawetedwe ka njuchi, lina la kukonza njinga, ndi dikishonale yong'ambika imene imathera pa chilembo cha M, ndiye Chingelezi changa chimatheranso pomwepo. Vuto ndi loti sindiwerenga chamumtima. Ndimawerenga mokweza, ndipo ndikamaliza ndimafotokoza. Dzina loti a Pulofesa anandipatsa ndi mayi a Tereza tikadali achinyamata, ndipo silinali loyamikira ayi.

Iwo ndi munthu wa mawu ochepa koma olasa. Ankathyola tiyi pa esiteti yomweyi, ndipo dengu lawo linkadzaza anzawo akadali pakati. M'gulu lino anatilowetsa ndi mwana wathu Tereza, amene anakwatiwa ku Limbe. Anatipatsa foni yake yakale n'kunena kuti, "Ababa, apa ndiye mupeza anthu oti muziwalalikira, amayi apumeko." Tinapeza anthu otumizirana mawu a Mulungu m'mawa uliwonse, okambirana za kulera ana ndi za mikangano ya m'nyumba, ndiponso mwambo wathu uja woti banja lililonse lili ndi tsiku lake lojambula Kolona n'kutumiza kuti ena atsatire. Lathu linali Lachiwiri. Ine ndinkayamba Tikuoneni Maria, iwo n'kumayankha mbali yachiwiri, monga timachitira Akatolika kulikonse. Koma ine ndikatenthedwa sindimanga mabuleki, ndinkangolowerera mpaka m'munda mwa eni. Akale mukukumbukira kamawu kaja kankamveka pakati pa pemphero: "Mbali yanga, a Pulofesa." Munkaseka, ndikudziwa. Ena munkatumiza tinkhope tija togwetsa misozi ya chiseko.

Linali dzinja, nyengo imene tiyi amaphuka ngati wapenga ndipo aliyense amakhala m'munda. Masana, ali pa mzere wopita ku sikelo dengu lili kumsana, mayi a Tereza anangoti khu, kugwa. Anzawo anathamangira ku nazale kudzandiitana. Ndinapeza pakamwa papotoka, dzanja lamanja lili lende, maso okha ndi amene ankandiyankhula. Galimoto ya pa esiteti inatitengera ku kiliniki, a ku kiliniki n'kutitumiza ku chipatala chachikulu. Adokotala anati ndi sitiroko, yabwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, BP ija, imene sitinkadziwa n'komwe kuti ali nayo. Moyo unapulumuka, tithokoze Mulungu. Mwendo unayamba kukoka pang'onopang'ono. Koma mawu anapita. Ankatsegula pakamwa, n'kutuluka kamphepo kokha, kenako misozi.

Kwathu kuno mkazi ndi wa mbumba yake, ife amuna ndife obwera. Nyumba ya pa komboni imene timakhala ndi ya kampani. Kwawo kwenikweni kwa mayi a Tereza ndi kwa Mphuka, kumene kuli achimwene awo aakulu, a Sitefano, amene ndi mwini mbumba, ndi achemwali awo, a Rozina. Ndisawanamizire a Sitefano, si munthu woipa. Makolo atamwalira ndi iwo amene analera ana onse, ndipo mayi a Tereza anakulira pamsana pawo. Tsiku lotuluka m'chipatala a Sitefano anandiitanira pambali.

"Alamu, inu mumachoka m'bandakucha, kubwera dzuwa litapendeka. Ameneyu asamba bwanji? Kuchimbudzi apita ndi ndani? Mkazi amadwazikidwa ndi akazi anzake. Tikumutenga."

Zimene ankanenazo zinali zoona. Koma panali chinanso. Pa komboni anthu anali atayamba kale kunong'onezana kuti munthu sangangogwa masana popanda chifukwa, ameneyu wamenyedwa hamala, nyundo ija amati ya afiti. Wina anakumbukira kuti Lusiano ali ndi mabuku opanda zikuto amene amawabwebweta m'chinenero chachilendo. A Sitefano nawo, pamene ankanyamula zovala za mchemwali wawo anaima kanthawi akuyang'anitsitsa katoni ija. Ndinafuna kunena kuti alamu, buku limenelo ndi la njuchi. Koma iwo ananyamula zovalazo n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ikatha Misa yoyamba ndinkapalasa njinga kupita kwa Mphuka. Odziwa mapiri akumeneko akudziwa kuti theka la ulendo njinga ndi imene imakwera munthu. Ndinkafika thukuta lili kamukamu, n'kukhala pambali pa mphasa yawo, n'kutsegula buku. Ndinkaganiza kuti poti mawu awathawa, ine ndiwathire anga, mwina adzaza. Ndinkawerenga Masalimo, ndinkawerenga nkhani za oyera, ndinkafotokoza za pa komboni, za mitengo ya ku nazale, za nkhuku yawo imene inaswa anapiye. Akafuna kutulutsa liwu, ine ndinkathamangira kuwathandiza: "Madzi? Mukufuna madzi? Kapena bulangete? Kapena mutu?" Iwo ankatseka maso. Kenako anayamba kutembenukira kukhoma ndikangotsegula chikwama. Tsiku lina anatambasula dzanja lamanzere, lija lamphamvu, n'kutseka buku lili m'manja mwanga. A Rozina anaona, a Sitefano anaonanso.

Itafika nyengo ya chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi ndipo kamvula kosatha kaja kakulowa mpaka m'mafupa, a Sitefano anandiperekeza pa njira, chinthu chimene sankachita.

"Alamu, mwayesetsa, taona tonse. Koma inu mukadali ndi mphamvu, simungakhale mukudya mbatata yootcha mpaka kukalamba. Tikakolola nandolo tiitane ankhoswe, tikumasuleni. Mukapeze wina wokusamalani. Ameneyu ndi wathu, tisunga."

"Alamu, ukwati wathu unadalitsidwa paguwa. Tinalonjezana pa mtendere ndi pa mavuto pomwe."

"Analonjeza ndi pakamwa pake, inde. Akanakhala woyankhula lero tikanamufunsa, iye yekha n'kutiuza. Koma ine ndikuona ndi maso angawa kuti mukabwera amatembenukira kukhoma."

Abale anga, tsiku limenelo ndinakankha njinga ngakhale potsetsereka. Za hamala zija sizinandipweteke ngati mawu awa, chifukwa awa ndinalibe powatsutsira. Ndinayamba kudzifunsa ngati mayi a Tereza atopa nane, ngati zaka zonsezi ankangopirira phokoso langa ndipo tsopano apeza popumira. Kolona ndinaipachika pa msomali. Ku mapemphero a mphakati ndinasiya kupita. Pa gulu pano ndinangoti zii. Pemphero limene linanditsalira linali limodzi, ndipo silinali la m'buku lililonse. Ndinkati: "Ambuye, m'nyumba mwathu munali pakamwa pawiri, pena pa nzeru, pena pa phokoso. Mwatseka pa nzeru, mwasiya pa phokoso. Kodi simunalakwitse munthu?" Ndinkanena zimenezi ndikuthirira timitengo, anzanga n'kumaganiza kuti ndikuyeserera Chingelezi.

Sindinkadziwa kuti kukhala chete kwanga kukumveka mpaka ku Rumphi. Lachiwiri linadutsa popanda Kolona ya ku Thyolo, lina linadutsanso, ndi linanso. Tsiku lina nditakwera kamtunda ka pa mabulugamu, pamene timakapeza netiweki, kuti ndimuimbire Tereza, foni inalira ndi nambala yachilendo. Anali a NyaGondwe a ku Rumphi, amene mpaka lero sindinawaonepo nkhope, ndimangodziwa mawu awo aja olemera ngati ng'oma.

"Adada a Pulofesa, gulu lazizira. Palibenso wotikonza tikalakwitsa vesi. Mwadwala?"

Ndinafuna kunena kuti ndili bwino, koma zinangokhuthuka zonse, kuyambira pa sikelo mpaka pa ankhoswe. Anamvetsera osandidula. Kenako anandiuza kuti amuna awo anadwalapo matenda omwewa, ndipo anawadwazika zaka zingapo Ambuye asanawatenge.

"Tsono mukafika kumeneko mumachita chiyani?"

"Ndimawawerengera."

"Mpaka liti?"

"Mpaka dzuwa litapendeka."

"Mayo ine! Mayi wosaukayo. Kudwala adwale, ulaliki aumvenso tsiku lonse? Nanenso ndikanatembenukira kukhoma, adada."

Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chigwereni mayi a Tereza. A NyaGondwe anandifotokozera zimene a mafizo, aja a kuchipatala ophunzitsa odwala kulimbitsanso ziwalo, anawauza pa nthawi yawo, kuti munthu amene sitiroko yamulanda mawu nthawi zina amatsala ndi aja anawaloweza ali mwana, monga nyimbo ndi mapemphero. Amenewo ali ngati njira ya ku chitsime, mwendo umaidziwa ngakhale mutu uli kwina. Si onse zimawachitikira, anatero, koma kuyesa sikulipira. "Yambani mbali yanu ya Kolona, kenako mutseke pakamwa. Musawathandize. Ndipo abwerere kuchipatala, mankhwala a BP asadumphe, mafizo azichita. Mulungu sadana ndi madokotala."

Lamulungu lotsatira ndinasiya mabuku kunyumba, ndinatenga Kolona yokha. Ndinanena mbali yanga, ndinadikira, palibe chinachitika, ndinamaliza ndekha. Ndinabwereza kangapo, chimodzimodzi. Mwamwayi a NyaGondwe anali atandiuza kuti ndijambule, ndiwatumizire. Atamvera anandiimbira akuseka mpaka kutsokomola.

"Adada, kumeneko ndiye mukuti kudikira? Mpata mwasiyawo ngakhale nkhuku singameze chimanga. Inu si a ku nazale inu? Mukabzala kamtengo, mumakazula m'mawa uliwonse kuona ngati kamera mizu?"

Ankanena zoona, chifukwa mnyamata wa ku nazale atachita zimenezo ndikhoza kumuthamangitsa ndi khasu.

Anandipempha chilolezo choti aitule nkhaniyi pa gulu pano, ndinavomera mwamanyazi. Zimene munachita sindidzaiwala. A NyaGondwe anati poti Pulofesa kudikira kukumukanika, timudikirire ife. Banja lililonse lofuna linajambula mbali yoyamba yokha ya Tikuoneni Maria, kenako n'kusiya foni ikujambulabe, anthu ali chete, mpata wautali woti munthu wodwala atolere mawu ake mosathamangitsidwa, kenako Tikuoneni Maria wina. Anatumiza a ku Lilongwe, a ku Balaka, a ku Karonga, a ku Joni. Ndinakhala pa kamtunda ka mabulugamu kaja ndikutsitsa mauthengawo mpaka bandulo inalira mayo.

Ndikuuzeni chimene inu simukudziwa. M'mipata imene munasiyayo simunali chete kwenikweni. Mwa a NyaGondwe mumamveka tambala ndi mbuzi. Mwa banja la ku Lilongwe mumamveka maminibasi ndi mwana wofunsa monong'ona kuti, "Amama, tikudikira ndani?" Mwa mnyamata wathu wa ku Joni mumamveka mphepo ikuomba malata. Mwa ena mumamveka poto akuwira, munthu akupuma, mpando ukulira. Nyumba zonsezo zinaima kaye kudikira mayi mmodzi wothyola tiyi amene simunamuonepo. Nditamvera koyamba ndinalira ngati mwana, ndipo mlonda wa m'munda anabwera kudzafunsa ngati kwachitika maliro.

Foni ndinakaisiya kwa Mphuka, m'manja mwa a Rozina, kuti aziwaikira m'mawa ndi madzulo. Ankakaitchaja kwa mphunzitsi wina wa sola. Ndiye kuti sabata yonse ine ndinalibe gulu, ndinalibe wokonza, ndinkangoyankhula ndi timitengo ta tiyi. Bambo wina wa m'gulu lino, wa njinga yamoto wa ku Masambanjati, amene anandiletsa kutchula dzina lake, anadzipereka kuwanyamula masiku a mafizo, iye kutsogolo, odwala pakati, a Rozina kumbuyo atawagwirizira. Ambuye akudziwa dzina lanu, achimwene.

A Sitefano poona foniyo anapukusa mutu. "Mabuku atha, tsopano mwabweretsa anthu a m'foni?" Koma sanaletse. Ankakhala pakhonde akusema mpini, khutu lili m'nyumba.

Lamulungu loyamba la dongosolo latsopanoli ndinalakwitsanso. Mpata utangoyamba, milomo yanga inayamba kuyenda yokha. A Rozina anatuluka, n'kubwera ndi nzimbe yaitali ngati mzati, n'kundiika m'manja.

"Tafunani iyi, alamu. Musasiye mpaka foni itatha."

Moti Kolona ya miyezi imeneyo ine ndinaipemphera ndi nzimbe kukamwa. Sindikudziwa ngati akatekisi angavomereze, koma Amayi Maria ndikhulupirira anamvetsa. Ndipo pamene pakamwa panga panatanganidwa, maso anga anayamba kuona. Ndinaona kuti mayi a Tereza sakutembenukiranso kukhoma. Ndinaona chala chawo chakumanzere chikuyenda pa mikanda ya Kolona. Sabata zina ndinaona milomo ikugwedezeka popanda liwu. Kenako kunayamba kumveka kang'ung'udza, ngati munthu wokumbukira nyimbo. Kangapo mpata unkatha iwo asanafike, foni n'kuyamba Tikuoneni wina, ine mtima n'kumandiwawa. Koma nzimbe inali kukamwa.

Nandolo atayamba kuuma m'minda, Lamulungu lina masana, a Rozina akusenda nandolo wamuwisi wotsalira pa lichero, inali nthawi ya uthenga wa a NyaGondwe. Mawu awo olemera aja anamaliza mbali yoyamba. Tambala wa ku Rumphi analira monga mwa masiku onse. Kenako pambali panga panamveka liwu lolemera, lokokeka, ngati chitseko chimene chakhala nthawi yaitali chisanatsegulidwe.

"Ma... Maria. Maria Woyera."

Nzimbe inagwa. A Rozina anagwira pakamwa, nandolo anamwazika. Mayi a Tereza anapitiriza, liwu limodzi, kupuma, lina, kudumpha ena, mpaka anafika pa Amen, atatopa ngati akwera phiri. Nditayang'ana pakhomo ndinaona a Sitefano ataima, chipewa chili m'manja. Iwo anasiya kupita ku tchalitchi kalekale, koma tsiku limenelo milomo yawo inkayenda nawo.

Ndisakunamizeni kuti kuyambira pamenepo anayamba kucheza. Ayi. Pemphero linkatuluka, koma mukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, mawu ankabisalanso. A mafizo anati ndi mmene zimayendera, tizingopitiriza. Pang'onopang'ono kunabwera "madzi", kunabwera "Tereza", kunabwera "ayi", ndipo ameneyu anabwera ndi mphamvu kwambiri. Dzina langa silinabwere. Ndipo a Sitefano, ngakhale anakondwa, anati mawu a pemphero si yankho la nkhani ya banja. Ankhoswe anali atauzidwa kale, tsiku linali litaikidwa.

Tinakumana mu Okutobala, mwezi wa Kolona, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba ya a Rozina. Ankhoswe a mbali zonse analipo, Tereza anabwera kuchokera ku Limbe maso atatupa. Mayi a Tereza anawakhazika pa mpando, ine pa mphasa pafupi ndi miyendo yawo. Ndinali nditakonza mfundo zambiri m'mutu, zina za m'Baibulo, zina za m'malamulo a mpingo, moti ndikanayankhula mpaka ankhoswe kukomoka. A Sitefano anati poti eni nkhani ndi anthu opemphera, tiyambe ndi pemphero, alamu atsogolere.

Abale anga, mantha ndi oipa. Zonse zimene ndinaphunzira miyezi imeneyo zinauluka. Nzimbe panalibe. Ndinayamba Tikuoneni Maria ngati lole yotsika phiri mabuleki ataduka, ndinafika pamalire osaima, ndinalowa mu Maria Woyera ndikuthamangabe. Mwadzidzidzi ndinamva phaa pa phewa. Linali dzanja lamanzere lija.

"Mbali... yanga... a Pulofesa."

Kenako Tereza anaphulika, osadziwika ngati akuseka kapena akulira, a Rozina n'kululutira, ankhoswe a kwathu n'kugwa chagada ndi chiseko. Ine ndinangogwira paphewa pamene anandimenyapo. Chikhalireni sindinalandirepo mphatso yoposa khofi limenelo. Ndinatseka pakamwa, tonse tinadikira, ndipo iwo anamaliza mbali yawo mwa kayendedwe kawo, wopanda wowathamangitsa.

A Sitefano anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Chemwali, tamva kuti mawu alipo. Ndiye tiuzeni nokha, pano palibe wokukakamizani. Mukhala kuno ndi ife, kapena mubwerera ku komboni ndi alamuwa?"

Apa mpata unali wautali kuposa yonse imene munajambula. Ndinaluma lilime mpaka kumva magazi. Mayi a Tereza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaona kolala yakuda, anaona lamba amene ndinabowola mabowo atsopano. Kenako anagwira malaya anga n'kuyang'ana achimwene awo.

"Awa... afa... ndi njala."

A Sitefano anaseka mpaka kukhala pansi. "Ankhoswe, mwabwerera ulendo wa chabe. Munthu amene akadali ndi mwamuna womukalipira sitingamumasule. Rozina, pha nkhuku, alamuwa adye asanatifere pakhomo."

Lero mayi a Tereza ali pano pa komboni. Sanachire kwathunthu, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikulalikira zoti ukangosewera mauthenga a pa foni matenda amathawa. Dzanja lamanja likadali lofooka, ku munda wa tiyi sadzabwereranso, amayenda ndi ndodo, mawu amabwera limodzilimodzi ndipo masiku ena amakana. Mankhwala akumwa, mafizo akuchita. Masana ndikakhala ku ntchito amayi a ku mphakati amasinthana kudzakhala nawo, ena mwa iwo ndi omwe aja ankanong'ona za hamala, ndipo ine sindinawakumbutse. Kuwasambitsa ndimawasambitsa ndine, dziko silinathe. Kuphika ndikuphunzira, iwo atakhala pa mpando pakhomo la khitchini ndi ndodo yawo, akuloza mchere, akuloza moto, ndi "ayi" wawo wamphamvu uja. Anandiuza pambuyo pake, mwa mawu ochepa ndi manja, kuti kukhoma kuja sankathawa ine. Ankathawa manyazi, poona kuti nthawi iliyonse akamalimbana ndi liwu, ine ndafika kale ndi mawu khumi.

A Sitefano anabwera kudzatiyendera mwezi wathawu, ndipo pochoka anaima pa katoni ija. Anabwereka buku la njuchi. Chingelezi sawerenga, koma akuti zithunzi zikukwanira, ndipo akakakamira penapake adzandiitana, bola ndidzafotokoze mwachidule.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalakwitse munthu, monga ndinkamunenera ine. Ndikuthokoza Amayi Maria amene dzina lawo ndi limene linatsegula chitseko. Ndikuthokoza a NyaGondwe, amene anaona kuti munthu wa phokoso akakhala chete ndiye kuti zavuta, ndipo sanangolemba kuti tikukupemphererani, anaimba foni. Ndikuthokoza a Rozina ndi munda wawo wa nzimbe umene ndinaumaliza. Ndikuthokoza inu nonse amene munaononga bandulo yanu kujambula chete. Mwana uja wa ku Lilongwe anafunsa kuti mukudikira ndani, mumuuze kuti amene ankamudikirayo anafika.

Kwa iwe m'bale wanga amene uli ndi wodwala m'nyumba, kapena banja lako lili pa mphasa ya ankhoswe, kapena wapemphera mpaka Kolona waipachika pa msomali ngati ine, usazimitse foni n'kudzitsekera. Nena pa gulu, kapena uza mmodzi yekha. Pita kuchipatala, ndipo kayezetse BP ngakhale ukudzimva bwino, usadikire kugwa pa sikelo. Nena mbali yako ya pemphero mokhulupirika, tsiku ndi tsiku. Ikatha, khala chete, usamalize wekha. Yankho likhoza kuchedwa, likhoza kubwera lokokeka, liwu limodzilimodzi, osati mmene unkafunira. Ngati kudikira kukukukanika, pali anthu pano odziwa kudikira m'malo mwako, ndiponso nzimbe ku Thyolo sizisowa.

Lachiwiri likubwerali Kolona ya ku Thyolo ibwereranso. Idzakhala yaitali kuposa kale, chifukwa woyankha sathamanga, ndipo woyambitsa analandira kale khofi pamaso pa ankhoswe. Mudzapirire nafe. Panopa mayi a Tereza akundiyang'ana pamene ndikulemba, ndodo ili m'manja, ndipo angonena liwu limodzi lomveka bwino kwambiri: "Basi."

Atamandike Yesu Khristu. Mbali yotsalayo ndi yanu, ndikudikira.